Kubwezera nkhomo m'maenje

Sabata ino ndafuna kuti tilingalire za chinthu chimene ambiri amachiyesa chotayitsa nthawi, ndicho mkangano umene umabuka masewero akangotha. Aliyense amene anakhalapo pamalo osewerera bawo akudziwa kuti nkhomo zikamayenda anthu amakhala duu, wina atagwira chibwano, wina akungogwedeza mutu. Phokoso limadzayamba mmodzi akagonja. Pamenepo aliyense amasanduka katswiri, ngakhale uja amene sadziwa kuti nyumba ili pa dzenje lachingati, ndipo wogonjayo amazengedwa mlandu ngati munthu amene wagwidwa ndi mbuzi ya eni. Ndamvetsera milandu yotereyi kwa zaka zingapo kuno ku Kapichira, ndipo ndaona kuti ina imamanga wosewera pamene ina imamuthamangitsa osadzabweranso. Kusiyana kwake kwagona pa funso limene oweruzawo amayamba nalo.

Bawo inabwerera pakati pa ife achinyamata chifukwa cha mdima. Namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale 2022, madzi a Shire anaononga damu la malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo sanayambenso kugwira ntchito mpaka mu 2023. Zimene madzi aja anachita ku minda ndi nyumba za anthu kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Nsanje si zoti ndizitchule mongodutsa m'nkhani ya masewero; tonse tikuzikumbukira. Koma chotsatira china chaching'ono chinali chakuti mafoni ankazima dzuwa lisanalowe, moonetsera mpira ndi mafilimu munkakhala motseka masiku ambiri, ndipo anyamata amene tinazolowera kuweramira pa Facebook tinayamba kusendera pansi pa mtengo wa nimu pomwe madala ankakhala ndi thabwa lawo lakale. Mathithi ankamveka usiku wonse, koma ife oyandikana nawo tinkagona mumdima ngati wina aliyense.

Kwa inu amene simunasewerepo, ndifotokoze pang'ono kuti nkhani yanga imveke. Thabwa la bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi maenje 32, ndipo nkhomo zake ndi 64. Wosewera aliyense ali ndi mizere iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Dzenje lachisanu kuchokera kumanzere pamzere wakutsogolo limakhala la ngodya zinayi, ndipo ndilo nyumba, imene ena amati kuu. Poyamba mumaika nkhomo 8 m'nyumbamo ndi ziwiriziwiri m'maenje awiri otsatira chakumanja, n'kutsala ndi 20 m'manja. Nthawi yanu ikakwana mumaponya nkhomo imodzi m'dzenje lanu lakutsogolo limene muli kale zinzake. Ngati dzenje la mdani loyang'anizana nalo lili ndi kanthu, mwadya: mumatola zonsezo n'kuzifesa m'maenje anu imodzi imodzi, kuyambira kumapeto kwa mzere. Nkhomo yotsiriza ikagwera pa zinzake moyang'anizana ndi chakudya china, mumadyanso. Ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, mwagona, nthawi yapita kwa mnzanu. Ndipo pali nzeru imodzi imene ngakhale mwana woyamba kumene amauzidwa tsiku loyamba, yakuti dzenje la mdani loyang'anizana ndi nyumba yanu lisamakhale ndi nkhomo, pakuti ndilo khomo limene nyumba imabedwera.

Lamulungu lina mu Okutobala chaka chomwecho, kutentha kwa kuno kutayamba kuchepa chakumadzulo, mnyamata wina wa Fomu 3 anakhala pathabwa ndi bambo wina wa kabaza amene anthu ankamuopa ndithu. Mnyamatayo anali atayamba bwino. Nyumba yake inali itanenepa, nkhomo 14. Koma moyang'anizana nayo bambo uja anali ndi nkhomo ziwiri, ndipo chapambali, moyang'anizana ndi dzenje lachitatu la mnyamatayo, munali mulu wooneka bwino. Oonerera onse anaona chofunika kuchita: kuponya m'nyumba, kudya ziwirizo, kutseka khomo. Iye anaponya m'dzenje lachitatu, nadya mulu uja, nayamba kufesa kuchokera kumanzere. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Yachisanu inagwera m'nyumba, koma m'dzanja munatsala ina, ndipo imeneyo inakagwera m'dzenje lachisanu ndi chimodzi lomwe linali lopanda kanthu. Anagona. Bambo wa kabaza sanaganizenso kawiri. Anaponya pa ziwiri zake zija, natola nyumba yonse, nkhomo 15, ndipo patangopita maulendo ochepa masewero anatha.

Chiweruzo chinabwera nthawi yomweyo, ndipo chinali cha mawu amodzi: dyera. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada!" anatero wina, anthu n'kufa nako kuseka. Wina anaonjeza kuti ana a masiku ano ndi momwemo, amafuna kulemera tsiku limodzi. Wachitatu anayamba kufotokoza za mmene mnyamatayo amadyera paukwati. M'kanthawi kochepa nkhani inali itachoka pa nkhomo, inali pa khalidwe la munthu, pa mbadwo wake ndi pa makolo ake. Mnyamatayo anaimirira, nasasa fumbi pa buluku lake, ndipo aliyense amene anakhalapo ndi zaka 16 akanadziwa kuti akachoka pamenepo sadzaonekanso pansi pa mtengo uja.

Panali agogo ena amene anagwira ntchito yodula nzimbe ku Nchalo zaka zambiri, munthu wosakonda kuyankhula. Iwo anangoti, "Takhala pansi, mdzukulu wanga. Tibwezere nkhomo." Anafufuta thabwa lonse ndi dzanja, nayamba kuika nkhomo dzenje ndi dzenje monga momwe zinalili mnyamatayo asanaponye, za mbali zonse ziwiri, mzere wakumbuyo womwe. Bambo wa kabaza anatsutsa pa dzenje limodzi lokha, ndipo atakumbutsana anavomera kuti agogowo akunena zoona. Kenaka analoza mulu uja nafunsa, "Pamene unkaponya apa, umu unaona zingati?"

"Zisanu, agogo."

Ataona kuti ena sanamvetse, agogowo anatenga nkhomo zisanu nazifesa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Yachisanu inagwera m'nyumba, moyang'anizana ndi ziwiri zija. Ndiko kunena kuti zikanakhaladi zisanu, mnyamatayo akanadya mulu uja, n'kudyanso ziwirizo pa ulendo womwewo, khomo n'kutsekeka. Ngoziyo anaiona bwinobwino monga anaionera ena onse, ndipo anapeza njira yoichotsera imene inali yopindulitsa kuposa imene oonererawo ankaiganizira. Chimene chinamugwetsa ndi nkhomo imodzi imene inabisala pansi pa zinzake, m'dzenje lakuya la thabwa lakale, nthawi ya chisisira.

Ndimaiganizira nkhani imeneyi kawirikawiri chifukwa matenda awiriwa mankhwala ake ndi osiyana. Mnyamatayo akanapita kwawo ndi chiweruzo cha gulu, akanaphunzira kuopa chakudya chachikulu, n'kumasewera mwamantha ngati nkhuku yachilendo, ndipo luso limene anali nalo kale, lowerengera kumene nkhomo yotsiriza ikagwere, akanaliyesa tchimo. Chimene ankafunika kumva chinali chaching'ono ndiponso chogwirika. Agogowo sanamuchotsere mlandu wonse ayi. Anamuuza kuti pamene nkhomo 14 zili pakhomo la mdani, munthu sadalira maso a madzulo. Awerenge kawiri, ndipo ngati akukayikabe adye ziwiri zoonekeratuzo, mulu uja ausiye. Anamuonetsanso pathabwa pomwepo kuti akanatero akanatsala ndi nyumba yake komanso mpata wotakata mosatekeseka. Mnyamatayo anapempha kuti ayambirenso kuchokera pamenepo, ndipo bambo wa kabaza anavomera, mwina pofuna kuonetsa kuti akanapambanabe. Mdima unawapeza asanamalize.

Zimene anachita agogowo si zachilendo kwa akatswiri a masewero m'maiko ena. Ku Japan, akatswiri a shogi, masewero ofanana ndi chess, sanyamuka akangomaliza. Wopambana ndi wogonja amabwerera pamodzi pamalo pamene masewero anapindira, n'kumayesa njira zina zimene zikanatheka, ndipo mwambowu uli ndi dzina lake, kansosen. Osewera chess m'mipikisano amalemba ulendo uliwonse papepala, kotero kuti pounika sipakhala kukangana za chimene chinachitika. Bawo yathu ilibe pepala, ndipo ndi yovuta kuisunga m'mutu chifukwa ulendo umodzi wautali ukhoza kusintha maenje oposa theka la thabwa. N'chifukwa chake katswiri wina wa ku Netherlands, Alex de Voogt, anapita kukakhala ndi akatswiri a masewerowa ku Zanzibar kuti aone mmene amaganizira ndi kukumbukira, ndipo mu 1995 anatulutsa buku lotchedwa Limits of the Mind. Ndimaseka ndikaganiza kuti luso limene munthu analilembera buku ku yunivesite ya Leiden linali pansi pa mtengo wa nimu kwathu kuno, litavala malaya ong'ambika pamapewa. Koma ndimadanso nkhawa, pakuti anthu otha kubwezera nkhomo 64 m'maenje ake si ambiri, ndipo onse amene ndikuwadziwa ndi a imvi. Pakasowa munthu wotere pamatsala mawu a amene ali ndi kholingo lalikulu. Ena a ife tinayamba kulemba manambala a maenje m'kope masewero akafika pothina, ngakhale madala amati tikuchedwetsa anthu.

Bawo ili ndi chifundo chimodzi kwa oweruza ake: mulibe mwayi. Chilichonse chochitika pathabwa chinachokera m'dzanja la munthu, ndipo mukafufuza mokwanira mumachipeza. Ndinadzaona kuti kuunika kumavuta kwambiri mwayi ukalowapo pamene msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera kutchuthi mu Disembala 2023 ndi kathumba ka madayisi a maonekedwe odabwitsa, lina la mbali 20. Anatiphunzitsa Dungeons & Dragons, masewero amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Munthu mmodzi amatsogolera nthano, kufotokoza dziko longopeka ndi adani ake, ndipo ena onse aliyense amakhala munthu mmodzi wa m'nthanomo, n'kumanena chimene akufuna kuchita. Dayisi ndi limene limagamula ngati chatheka. Mizu ya masewerowa ili m'masewero a nkhondo apatebulo. Ku Prussia, mu 1824, Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a asilikali masewero a Kriegsspiel, a mapu, madayisi ndi woweruza, amene anakhala chida chophunzitsira atsogoleri a nkhondo. Azakhali athu atamva za zimphona ndi zinjoka anakwinya nkhope, koma atakhala nafe kanthawi anati izi ndi nthano za kalulu ndi fisi zimene azithira masamu, nabwerera ku ntchito zawo. Ndionjeze kuti patebulo limeneli panakhala atsikana, chinthu chimene pansi pa mtengo wa nimu sindinachionepo.

Usiku wachitatu tinamenya nkhondo imene mpaka lero sitinagwirizane za iyo. Tinali anayi. Mnzanga wina wamkulu anali msilikali wa lupanga ndi chishango, mtsikana wina wa Fomu 4 anali woponya mivi, mng'ono wa mnzangayo, wa zaka 13, anali wochiritsa ovulala, ndipo ine ndinali kazitape komanso wosunga kope. Tinakumana ndi zimphona zisanu ndi mfumu yawo m'phanga. Wachishango anaima pakhomo lopapatiza la phangalo kuti chimphona chimodzi chokha chizimufikira pa nthawi imodzi, ife tili kumbuyo kwake. Kuti lupanga lake lilase ankafunika 8 kapena kuposa pa dayisi la mbali 20, ndiko kuti mbali 13 zinali zake. Anaponya katatu motsatizana, katatu konse n'kuphonya, ndipo anavulazidwa mpaka kutsala pang'ono kugwa. Pamenepo woponya mivi anachoka pobisala, nakwera pathanthwe yekhayekha poonekera adani onse, nalunjika mfumu imene inali kutali ndi yovala zachitsulo. Ankafunika 17 kapena kuposa, mbali 4 zokha. Dayisi linagubuduka, linaima pa 20. Mfumu inagwa, zimphona zinabalalika, ndipo tinakuwa mpaka agalu a oyandikana nafe anayamba kuuwa. Wachishango tinamuseka kuti lupanga lake ndi la phesi la chimanga.

Msuweni wanga anadikira kuti phokoso lizizire, nasonkhanitsa madayisi onse m'dzanja lake nati tikambirane popanda iwo. Anatipempha tiwerengere. Kuphonya katatu motsatizana pamene mbali 7 zokha mwa 20 ndi zoipa kumachitika pafupifupi kanayi pa maulendo 100. Wachishango anasankha malo abwino, anateteza anzake, ndipo akanati abwereze nkhondo yomweyo kambirimbiri, nthawi zochuluka akanatuluka ngwazi. Woponya mivi anaika moyo wake pa mwayi umodzi mwa isanu. "Chemwali," anatero msuweni wanga, "inu wakupulumutsani ndi dayisi. Mukadzachitanso zimenezi kasanu, kanayi tidzakuikani m'manda."

Ndinaganiza kuti mlandu watha, ndipo ndinakondwera nawo chifukwa unafanana ndi wa bawo uja: gulu laweruza poona zotsatira, munthu wodekha wabweza chiweruzo. Koma mtsikanayo sanagonje. "Achimwene," anatero, "mwandiuza zimene dayisi linachita, koma simunandifunse zimene ndinkadziwa." Anafotokoza kuti wochiritsa anali atamunong'oneza kuti watsala ndi mphamvu yochiritsa kamodzi kokha. Zimphona zisanu, chimodzi chimodzi pakhomo lija, zikanatenga maulendo ambiri, ndipo wachishango sakanapirira mpaka kumapeto ngakhale dayisi likanayamba kumukomera. Iye atagwa, tonse tikanatsatira. Kwa iye, kudikira kunali imfa yochedwa koma yotsimikizika, ndipo mwayi umodzi mwa isanu unali wabwino kuposa kusowa mwayi n'komwe. Msuweni wanga anatenga kope langa, nawerengera mphamvu zimene wachishango anatsala nazo ndi zimene zimphona zinkachotsa pa ulendo uliwonse, nakanda mutu, navomera kuti mtsikanayo ali ndi mfundo. Ngakhale iye, amene ankadziwa zinsinsi zonse za nthanoyo, anali ataweruza asanafunse.

Apa wachishango, amene anali chete chisekedwereni, anadzuka ndi mlandu watsopano. Iye akanadziwa kuti mankhwala atha, sakanaima pakhomo paja kudikira kuchiritsidwa. Akanalamula kuti tonse tibwerere kumlatho wa zingwe umene tinaoloka pobwera, tioloke, tiudule. Njira yachitatuyi palibe amene anaitchula nkhondo ili mkati, pakuti amene anali ndi nzeru yake analibe uthenga, ndipo amene anali ndi uthengawo anauza munthu mmodzi yekha, monong'ona. Maso onse anatembenukira kwa mng'ono wake. "Iwe, bwanji sunanene?"

Mwanayo anayang'ana pansi nati, "Akuluakulu mumayankhula. Ndinaopa kukudulani pakamwa."

Palibe amene anaseka. Mwanayo anachita zimene tonse tinaphunzitsidwa kunyumba, ndipo ndi mwambo umene ine ndimaulemekeza. Sindikufuna kuona tsiku limene ana azidzalalatira akulu awo. Koma m'phanga muja ulemu wake unatsala pang'ono kutiphetsa tonse, ndipo sindikuona kuti mlanduwo ndi wake. Ife atatu tinakhala tikukangana za kumene tiime ndi amene timulase, osatembenuka ngakhale kamodzi kufunsa munthu amene moyo wathu unali m'manja mwake. Tinazolowera kuti wamng'ono pagulu ndi wotumidwa madzi. Ndaonapo zofanana ndi zimenezi m'timu ya mpira ndi m'magulu osunga ndalama a m'mudzi, kumene amene akudziwa kuti m'thumba mwatsala zingati amakhala munthu amene saloledwa kuyamba kuyankhula. Msuweni wanga anaika lamulo la patebulo lathu usiku womwewo, lakuti nkhondo isanayambe, ndiponso wina akavulala kwambiri, aliyense anene zimene watsala nazo, kuyambira wamng'ono. Tsiku loyamba kulitsatira, mwanayo anayankhula mwachibwibwi, maso ali kwa mkulu wake. Pofika sabata yachiwiri anali akutiuza kuti tisiye kuwononga mankhwala ake pa zilonda zazing'ono.

Za mlatho wa zingwe sitinamvanebe. Wachishango akuti tikanafika. Woponya mivi akuti zimphona zili ndi miyendo yaitali, zikanatipeza tisanaoloke, ndipo munthu wovulala wovala zachitsulo sathamanga. Ndawerengera mapazi a mtundawo m'kope langa kangapo, ndipo yankho limadalira liwiro la zimphonazo, nambala imene msuweni wanga yekha ndi amene akuidziwa. Anabwerera ku Johannesburg mu Januwale 2024 atatisiyira madayisi, koma nambalayo anakana kutiuza. Tikamufunsa pa WhatsApp amangoyankha kuti zimphona zinayi zikadali moyo m'phanga muja, ndipo tidzaziyeza tokha akadzabweranso.